Koilo Yaitali ya ku Biwi

Sendezani mipando kuno, inu muli pakhomopo lowani, mawu anga masiku ano safika patali. Ndikuuzeni za waya amene ndinathyola ndi manja angawa.

Itangopita njala ija, ndinkakhala ku Biwi ndi mwana wanga wamkazi, amene ankasankha fodya ku Kanengo, ndiponso mdzukulu wanga, mtsikana amene ankaphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja. Ku Ntcheu kunalibenso kobwerera. Nyumba inali itagwa, munda abale anali atadzalamo zawo. Chathu chinali chipinda chimodzi cha lendi, pamdadada wa zipinda kuseri kwa nyumba ya alandilodi, mayi wamasiye wa mawu ngati belu.

Magetsi a tonsefe ankachokera pa waya mmodzi. Pakhoma la alandilodi panali kabokosi ka switchi, ndipo tikakoka moto wambiri switchi ija inkagwa, pha! Wailesi zonse zii. Tinkaphikira pa mbaula za koilo: njerwa yosemedwa tingalande, m'menemo mutagona waya wopotanapotana ngati bongololo. Ukalumikiza kumagetsi, wayayo amafiira.

Alandilodi anatopa kudzutsa switchi. Loweruka lina m'mawa anatiitana tonse pampopi, m'manja muli kachingwe kong'amba ku chitenje.

"Koilo yaitali ndi yadyera," anatero. "Njoka yaitali imameza zambiri. Aliyense adule yake ifanane ndi chingwe ichi. Wokana andipatse kiyi wanga."

Tonse tinavomera, ndi ine ndemwe. Kodi mwana wamng'ono sadya pang'ono? Anthu anadula. Koma m'malo moleka, switchi inayamba kugwa ngakhale masana, munthu usanathire ndi mchere womwe m'ndiwo. Alandilodi anati alipo amene sanadule. Sankanama. Tinali ife, chifukwa mdzukulu wanga anali atakana.

Tsiku lina anabwera ndi kachipangizo ka kusukulu, ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Anayeza mbaula yathu, n'kukayezanso ya mayi woyandikana nafe amene anali atadula. Kenako anatola khala n'kumalemba pasimenti.

"Agogo, taonani. Chimene chimakankha moto kuchokera kukhomaku ndi mavoti, ndipo ndi 240 kwa aliyense. Moto umene ukudutsa timauyeza m'maampu. Yathuyi ikukoka 4, ya amayi aja 6."

"Yoduladulayo ndiyo ikuposa?"

"Eya. Waya amakaniza moto kudutsa. Mukagawa 240 ndi 4, kukaniza kwa yathu ndi 60. Mukagawa ndi 6, kwa iwo ndi 40 basi. Waya wautali ali ngati njira yaitali, moto umayenda motopa. Mukamudula mwaufupikitsira njira, umangokhamukira. Ndiye muchulukitse 240 ndi 4, mphamvu imene tikudya ife ndi 960. Iwo 1,440."

Ine zolemba sindizidziwa, pasimenti paja ndinkangoona ngati mapazi a nkhuku. Koma manambalawo anandikhala m'mutu mpaka lero, ndipo za njira yaitali ndinazimva bwino, poti ndayendapo.

"Ndiye ukawauze alandilodi," ndinatero.

Mayi ake analumpha. "Usayerekeze! Wa lendi saphunzitsa mwini nyumba. Fodya watha ku Kanengo, mvula ili pafupi, akatithamangitsa tilowera kuti?"

Tinangokhala choncho, chilungamo chili pasimenti, pakamwa potseka. Kudula, tikuwonjezera vuto. Kusadula, tikudikira kuthamangitsidwa.

Sipanapite nthawi, alandilodi anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi chingwe chawo, anthu akuwatsatira pambuyo ngati kuli gule. Mwana wanga anali atapita kukasaka ganyu. Alandilodi atafika kwathu anayala chingwe pa koilo, chingwe n'kutha koilo ikadalipo.

"Ehee! Njoka ija nayi!"

Mdzukulu wanga anagwada bwinobwino. "Amayi, pepani, koilo yaifupi ndiyo imakoka kwambiri. Ndayeza. Onse akanabwezeretsa zazitali, switchi ikanaleka kugwa."

"Abale, bwerani mudzaone, tili ndi injiniya pano!" anakuwa alandilodi. "Ee! Nanga bwanji simunamange nyumba yanu, a injiniya?"

Anthu anaseka, ngakhale mayi uja amene tinamuyezera mbaula. Sindiwada ayi. Aliyense ankaseka kuti chala chisaloze iye.

Alandilodi anatembenukira kwa ine. "Agogo, inu ndinu wamkulu. Sankhani: koilo kapena kiyi."

Ndinayang'ana mwanayo, iye akundiyang'ananso, maso akundipempha kuti ndinene zimene ndinamva. Ndinayang'ananso mphasa zathu, ndowa, ndi katundu yense amene sakanadzaza ngakhale wilibala, koma wopanda kopita naye. Ndinagwada, ndinazula koilo ku magetsi, n'kuyeza ndi chingwe chija. Ndinapinda waya uku ndi uku, uku ndi uku, mpaka thyo!

"Mwaona? Akuluakulu savuta," anatero alandilodi, n'kupita khomo lina.

Mdzukulu wanga anatenga chikolopa n'kupukuta manambala ake pasimenti. Madzulo ake koilo inafiira msanga ngati diso la chidakwa, nyemba zinapserera pansi pamwamba zili zaziwisi, kenako switchi pha! Koma tinagona m'nyumba, mvula ikugwa kunja.

Alandilodi anakalamba akukhulupirirabe kuti switchi imagwa chifukwa wina akubisa ayironi yamagetsi, mpaka ana awo anawatengera ku Area 25. Mwana wanga anasiya fodya chifuwa chitamuvuta, pano amagulitsa kaunjika. Mdzukulu wanga anamaliza sukulu, amaika mawaya m'nyumba za anthu, ndipo anakwatiwa ku Chinsapo. Amandigulira shuga, amandiseketsa, koma za tsiku lija sitinakambiranepo. Ine ndinakhalabe m'chipinda chomwecho zaka zambiri, ndikuphika mothamanga, khutu lili kukhoma la eni ake.