A Nyirongo a ku Banki ndi Tayala la Pamsika

A Flexon Nyirongo anabwera ku Blantyre ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo atasamutsidwa ku Rumphi kuti adzaphunzitse ku Kanjedza. Kusukulu anzawo ankawaseka Chinyanja chawo chopendekera ku Chitumbuka, mpaka wina anawagenda ndi chiduswa cha njerwa pamphumi. Koma pa masamu panalibe wowapambana.

Atamaliza maphunziro a zachuma ku yunivesite, analembedwa ntchito ku banki yaikulu, ija imayang'anira kwacha. Anayambira m'chipinda chosankhira ndalama zakutha, zong'ambika, zonunkha usipa, zoti zikanyenyedwe pamakina. Pang'onopang'ono anakwera mpaka kukhala mkulu wa gulu lofufuza ndalama zafeki. Ankangoisisita ndalama ndi chala n'kudziwa. Atagwira zaka 28 anapuma, n'kukhazikika ku Zingwangwa ndi akazi awo, a Millicent.

Loweruka lina m'mawa, kwacha itangogwetsedwa kumene, mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku, anatsikira kumsika kukagula nyemba. Anamva mkuwo: "Wafeki! Muotcheni!"

Pansi panagona mmisiri womanga nyumba, dzina lake Rafaeli, malaya atang'ambika, magazi akutuluka m'khutu. Anthu ankamupondaponda. Onesimo, wogulitsa mafuta ophikira, anali atakweza m'mwamba ndalama yotuwa ya K5,000 imene Rafaeliyo anamulipira. Wina anali atamuveka kale tayala Rafaeliyo, wina akupopa petulo panjinga yamoto ya kabaza.

A Nyirongo anadzipanikiza mpaka pakati.

"Achimwene, tandipatsani ndalamayo ndiione."

Anaiyang'anitsa padzuwa, n'kuisisita.

"Iyi ndi yeniyeni. Inachapidwira m'thumba la buluku, basi. Musiyeni munthuyu."

"Inu ndinu ndani, madala?" anafunsa Onesimo.

"Ndagwira ntchito ku banki yaikulu moyo wanga wonse. Ndalama ndimaidziwa."

Apo ndiye anaputa mavu. Mayi wina kumbuyo anakuwa, "Ndiye ndinu amene mwatigwetsera kwacha! Ana athu akugona ndi njala inu mukudya bwino!"

Iwo anafuna kufotokoza kuti nkhani zimenezo sizinkadutsa patebulo pawo, koma mwala unawapeza padiso lakumanzere mawu asanatuluke. Anagwera pa Rafaeli. M'malo modzuka, anamukumbatira pamodzi ndi tayalalo, osamusiya. Mateche anagwa munthiti, thabwa la benchi linathyokera pamsana pawo. Kenaka anamva kuzizira pakhosi: petulo anali atathiridwa pa onse awiri.

Mwamuna wina anatulutsa machesi. Eliness, wogulitsa tomato amene ankaimba kwaya imodzi ndi a Millicent, anamumenya padzanja ndi mwala wa sikelo, machesi n'kumwazikira m'matope. Anaima pamwamba pa awiriwo, manja atatambasula.

"Yatsani, mundiotche ndi ine! Awa ndi abambo a kutchalitchi kwathu!"

Anthu anayamba kukankhana okhaokha, ena akuti amukoke, ena akubwerera m'mbuyo. Ali mkati mokangana, apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi, msika wonse n'kubalalika.

A Nyirongo anagona m'chipatala milungu isanu. Nthiti zitatu zinali zitathyoka, ndipo diso lija madokotala analichotsa. Onesimo anathawa osaonekanso. Amuna awiri, wa petulo ndi wa machesi, anapita kundende.

A Millicent anaumirira kuti agulitse nyumba asamukire kwa mwana wawo Tawina ku Machinjiri. A Nyirongo anakana. Nyemba amakagulabe pamsika womwewo, atagwira ndodo, ndipo ena mwa anthu ogulitsa amayang'ana pansi iwo akamadutsa.

Rafaeli atachira anapita kwawo ku Mulanje, osabwera n'komwe kudzathokoza. Zimenezi a Millicent zimawawawa mpaka lero.

"Munataya diso chifukwa cha iye, ngakhale kamoni kapafoni!"

"Mulekeni, mayi a Tawina," amayankha a Nyirongo. "Munthu amene anamva petulo pathupi pake sabwerera msanga kumene anamuthira."