Mbiya za Mng'ono Wanga

Kwathu ku Chisepo, mtsikana wanzeru ndinali ine. Ndinafika Fomu 4, ndinagula kamera, n'kutsegula situdiyo ku Mponela komwe ndinkajambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso. Mng'ono wanga analekeza Sitandade 6 n'kukwatiwa kumudzi komweko. Apongozi ake ndi amene anamuphunzitsa kuumba mbiya.

Poyamba ndinkamujambula pongofuna kumusangalatsa. Ndikapita kokolola chimanga, ndinkamupeza kuseri kwa nyumba, dongo mpaka m'zigongono. Mbiya zake zoyamba zinali zopendekeka, ndipo ndinkaseka ndekha ndikamaziona pakompyuta. Koma m'chaka chachinayi anayamba kuumba nkhope m'mbali mwa mbiyazo. Zinali nkhope za matenanti a ku esiteti yapafupi: mayi akusoka fodya mwana ali kumsana, bambo khosi litapindika ndi belo. Nditasuzumira m'kamera, mtima unandiwawa. Ine zaka zonsezo ntchito yanga inali youza anthu kuti amwetulire.

Zithunzi khumi za mbiyazo ndinazipachika musitudiyo. Tsiku lina munalowa mayi wina wa ku Lilongwe kudzabisala dzuwa, poti galimoto yake amaimata tayala. Anaima pakhomapo nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti ayamikira luso langa, popeza zina ndinazijambula nditachita kugona chafufumimba pafumbi.

"Woumba ameneyu ndi ndani?" anafunsa.

"Zithunzizo ndinajambula ndine, mayi."

"Eya, koma woumbayo amakhala kuti?"

Anandilembera kapepala. Ankafuna mbiya makumi awiri pa chionetsero chomwe chinali kudzachitika patatha mwezi umodzi. Kapepalako ndinakaponya m'dirowa, ndipo kanakhalamo masabata atatu. Kumudzi ndinapitako kawiri. Tinasenda mtedza limodzi, tinaseka, koma za kapepala sindinatchule.

Ulendo wachitatu ndinamupeza akukweza mbiya m'ngolo, akuti akagulitse kumsika kwa anthu osungiramo madzi. Pamwamba panali ija ya mayi wosoka fodya. Pamenepo sindinathe kupirira. Ndinatulutsa kapepala kaja m'chikwama.

"Kabwera liti kameneka, achemwali?"

"Dzulo."

Mayi uja anali atalemba deti pamwamba, ndipo manambala mng'ono wanga amawadziwa bwino. Anayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana ine, kenako anakamangirira pansonga ya chitenje.

"Tandithandizeni kutsitsa," anatero.

Sabata imodzi inali yochepa kuti mbiya zatsopano ziume n'kuotchedwa, choncho ku Lilongwe anapita nazo zisanu ndi zitatu zokha. Ndinamuperekeza. Anthu ovala masuti anamuzungulira, iye akuwayankha m'Chichewa chakumudzi mosachita manyazi. Bambo wina anandikodola kuti ndimujambule ali ndi mwini luso, n'kundipempha kuti ndisunthe chikwama changa chifukwa chinkaononga chithunzi. Ndinachisuntha.

Pano mbiya zake zimafika kumaiko komwe ine sindidzapondako. Za masabata atatu aja sanandifunsepo, ndipo nanenso sindinapepese. Akatsala pang'ono kuotcha zatsopano amandiimbira foni.

"Achemwali, Loweruka mubwere ndi kamera."

Ndimapita. Ndimasankha mbali yomwe dzuwa likuwala bwino, ndipo ndimajambula mosamala kuposa ukwati uliwonse. Pobwerera, m'minibasi, ndimayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi kufunafuna mbiya yomwe yalakwika. Chaka chatha ndinapeza imodzi yong'aluka pakamwa, ndipo ndinasangalala mpaka kukafika ku Mponela.