Lilime pamaso pa apongozi

Ku koleji ya ku Chalimbana anatiphunzitsa kuti liwu loyamba la "thank you" silituluka bwino ngati lilime silinasuzumire pakati pa mano. Tinkayeserera pa kagalasi mpaka kukhoza, ndipo satifiketi ndinabwera nayo.

Tsiku lina apongozi anga aamuna anaima pakhomo la khitchini. Anali atasankhidwa kukathokoza mzungu wa zaulimi pamsonkhano wa alimi ku Bundabunda. Ine ndinagwada cham'mbali, mwana ali kubere.

"Amake Tereza, nifuna munikonze pakamwa. Anyamata ochokera kutauni asakaniseke."

Ananena "thank you" katatu, lilime lili m'kati, ngati akuyamba kunena kuti thumba. Mankhwala ake ndinkawadziwa, ndipo anali apafupi: kungowaonetsa. Koma ine, mtengwa wa dzana, nditulutsire apongozi lilime? M'maganizo ndinaona kale apongozi aakazi akundimangira katundu, ine ndikubwerera kwathu ndi khanda kumsana.

"Mwakhoza, atate," ndinatero ndikuyang'ana nkhuni. "Ngakhale azungu amatero."

"Zoona, amama?"

"Zoona."

Anapita atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinamva kwa amayi ena kuchitsime kuti anyamata aja anasekadi, ndipo ankawayeserezera njira yonse yobwerera.

Apongoziwo sanandifunse kanthu. Loweruka, mwamuna wanga atabwera kuchokera kuntchito ku Lusaka, anamuuza kuti, "Mkazi wako ananiphunzitsa bwino. Lilime langa ni lokalamba chabe."

Ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe, koma sindinatulukeko kukawaonetsa.