Nyali za Lole ya Usipa

A Weston Manda anabadwira m'mudzi wa asodzi pafupi ndi Bandawe, koma iwo ndi nyanja sankagwirizana. Akangokwera bwato ankasanza mpaka anzawo kuwabweza kumtunda. Mtima wawo unali pa magalimoto. Atakula anakalowa ntchito yopakira matabwa ku Chikangawa, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzirira chiwongolero. Pobwerera kwawo anali dalaivala weniweni wa laisensi, wodekha, wosadziwa kukoma kwa mowa.

Anawalemba ntchito a Shafi, bambo wa ku Nkhotakota amene anakhazikika pa Chintheche n'kumagula usipa wouma kwa asodzi. Ntchito yake inali yonyamuka m'bandakucha ndi lole yodzaza matumba, kukwera mapiri onse aja, kuti dzuwa likamatuluka usipa ukhale utafika pamsika wa Mzuzu. A Manda anayenda msewu umenewo mpaka imvi zinamera, osagundapo ngakhale mbuzi. A Shafi ankanyadira pagulu kuti galimoto yawo ili m'manja mwa munthu wamkulu.

Mlongo wa a Manda wamng'ono, Alice, anakwatiwa ndi Griffin Mhone. Griffin anakhalako ku Joni zaka zingapo akugwira ntchito pamalo otsukira magalimoto, koma anabwerako ndi chikwama chokha, mapepala atamuthera. Anali bambo wa ana atatu, wopanda bwato, wopanda munda wooneka. Alice anapita kwa achimwene ake akulira, ndipo a Manda anakagwada kwa a Shafi.

"Bwana, ndi mlamu wanga. Mumulembe azindithandiza kupakira ndi kutsuka galimoto. Akalakwa mudzandifunse ine."

A Shafi anavomera. Pobwerera kuchokera ku Mzuzu, lole ili yopanda katundu, a Manda ankaima pa Limphasa pamene msewu uli wowongoka n'kumupatsa Griffin chiwongolero. Anamuphunzitsa kutsika phiri ndi giya, osati ndi mabuleki. Tsiku limene Griffin anabwera ndi laisensi yake, a Manda anapha nkhuku.

Lole yakale itatopa, a Shafi anaitanitsa ina yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera kunja. Inali yopepuka, yosamwa mafuta, koma nyali zake zakutsogolo zinali zapulasitiki, pamene a Manda moyo wawo wonse anazolowera zagalasi, zimene ukapukuta ndi nsanza zatha. Lole ija inkakhala padzuwa la kunyanja tsiku lonse. Pang'ono ndi pang'ono nyali zija zinayamba kuchita chikasu. A Manda anaziona ndithu, ndipo anafunsa.

"Alamu, nyalizi zikusintha mtundu bwanji?"

"Zakunjazi zimatero, alamu," anayankha Griffin akuzithira madzi. "Ndi mtundu chabe. Taonani mmene zikuwalira."

Zinkawaladi, poti pulasitiki yakufa ikanyowa imaoneka ngati yatsopano kwa kanthawi. A Manda zimenezo sankazidziwa.

Kenako msewu unayamba kuwathawa. M'bandakucha ankaona ngati akuyenda mu utsi. Anasintha mababu, anapala mitu ya batire, anayang'ana mawaya onse, koma palibe chinasintha. Anayamba kuyendetsa atatsamira kutsogolo, chibwano chili pafupi ndi chiwongolero.

"Alamu, inu msewu mukuuona bwino?"

"Ine ndikuona zonse. Uyo munthu ali apoyo simukumuona?"

A Manda ankayang'anitsitsa, osaona munthu aliyense. Mayi awo anamwalira ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anayamba kuganiza kuti nthawi yawo yakwana. Sanauze ngakhale akazi awo, a Olive. Anangomupempha Griffin kuti asanene kwa abwana mpaka mvula ithe, ndipo Griffin anawagwira dzanja n'kulonjeza.

Ngozi inachitika mu Febuluwale, m'nkhalango ya mitengo ya mphira, kunja kukuyamba kuyera koma chifunga chili tho. Munthu wa njinga yonyamula makala anangotulukira pamphuno pa lole. A Manda anakhotetsa mwamphamvu, lole n'kutsetsereka mpaka m'ngalande. Palibe anafa, wa makala uja sanakhudzidwe n'komwe, koma matumba anaphulika, usipa n'kumwazikira m'matope.

A Shafi anafika pa minibasi dzuwa litakwera. Anazungulira lole ija, kenako anafunsa chimene chinachitika. A Manda asanatsegule pakamwa, Griffin anayamba, maso ali pansi.

"Bwana, ine ndakhala ndikubisa chifukwa ndi alamu anga, koma lero tikanapha munthu. Maso awo anatha. Miyezi yonseyi msewu ndimawauza ndine."

A Shafi anatembenuka. "A Manda, n'zoona?"

"N'zoona, bwana," anatero a Manda.

Anapereka makiyi pomwepo m'mbali mwa msewu. Madzulo ake anapita kunyumba kwa Alice kukamuuza Griffin kuti asadzimve mlandu, wachita bwino kunena, ndipo anamulangiza za kona yoipa ya pamlatho ndi za giya yachitatu imene inkavuta kulowa. Griffin ankangogwedeza mutu. Alice anawapatsa tiyi koma sanakhale nawo.

Miyezi yotsatirayo a Manda anakhala ngati munthu wodikira maliro ake. Ankapita kumunda wa chinangwa ndi a Olive, akalima pang'ono n'kuima, kumayang'ana mapiri, kufuna kuwasunga m'mutu mdima usanafike. Anayamba kuphunzira kuyenda m'nyumba atatsinzina. Kutchalitchi anasiya kuwerenga mawu patsogolo. Chodabwitsa chinali chakuti mdimawo sunkabwera. Ulusi ankaulowetsa okha m'singano, ndipo mabwato akutali ankawaona bwinobwino.

A Olive ndiwo anawakakamiza kupita kuchipatala atamva kuti kwabwera madokotala a maso. Dokotala anawaunika ndi katochi, anawawerengetsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, kenako anaseka.

"Bambo, ndani anakuuzani kuti muli ndi ng'ala? Maso anuwa ndi abwino kuposa anga. Mwina magalasi owerengera basi."

A Manda anatuluka m'chipatalamo. Sanadziwe ngati asangalale. Anadzera pamsika kuti agule mchere, ndipo pafupi ndi pokonzera matayala anaiona lole ija itaima. Chiyambire ngozi ija anali asanaiyandikirepo, chifukwa ankaizemba dala. Nyali zake zinali mbee ngati madzi a m'kapu, mababu akuoneka m'kati. Anayandikira n'kupitsa chala. Pulasitiki inali see, yosalala.

"A Shafi agula nyali zatsopano?" a Manda anafunsa a Adamu, mwini wake wa pamatayalapo.

"Zatsopano zotani? Ndi zomwe zija. Griffin anazikwecha yekha kuseri kuno, sabata yomwe anatenga makiyi. Sandipepa ndi madzi, kenako polishi. Akuti ku Joni inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anandiuza kuti mmene zinalili zija, ngakhale mwana wa maso akuthwa sakanaona kanthu."

A Manda anaiwala za mchere. Anayenda wapansi mpaka kwa Alice, ndipo anamupeza Griffin ali pakhonde akudya nthochi.

"Alamu, munthu uja munkandilozera m'mbali mwa msewu, analipodi?"

Griffin anasiya kutafuna. Anayang'ana kumsewu, kenako anapukuta manja pa thalauza.

"Alamu, inu mwayendetsa zaka zambiri. Ana anu anakula. Ine ndikanakalamba ndikunyamula matumba a usipa pamutu?"

"Mukanandipempha. Ndikanakusiyirani ndekha pakapita chaka kapena ziwiri."

"Mukanasiya inu? Mukanafera pachiwongolero pomwepo."

"Nanga wa makala uja tikanamupha?"

A Manda anatembenukira kwa mlongo wawo amene anaima pakhomo ndi beseni m'manja. Ankafuna kuti amuone akudabwa, akalipe, aponye beseni pansi. Alice sanadabwe.

"Alice, iwenso unkadziwa?"

"Achimwene, tili ndi ana," anatero motsitsa mawu. "Ndinkaganiza kuti abwana angokupumitsani bwinobwino. Za ngozi sindinaziganizire."

Zimenezi ndi zimene zinawapweteka kwambiri. Griffin anali mwana wa eni. Koma Alice anamubereka kumsana iwowo mayi awo akupita kukaviika chinangwa, ndipo miyezi yonse ija anawaona akuyenda chopapasa m'nyumba mwawo, iye n'kumangowapatsa moni.

M'mawa mwake anapita kwa a Shafi ndi pepala la kuchipatala. A Shafi anamvetsera nkhani yonse, anapukusa mutu, anati Griffin sanachite bwino. Kenako anayamba kuyang'ana kumbali.

"Koma a Manda, zinadutsa izi. Mnyamatayu amapita ku Mzuzu n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Inuyo mupume. Kapena muzindilondera sitolo, mlonda wanga akuchoka."

"Yewu, bwana," anathokoza a Manda mwa Chitonga, n'kuvala chipewa. Ulonda sanaufune.

Anayesa kufunsira udalaivala kwina, koma mbiri inali itawatsogolera. Kuyambira pa Chintheche mpaka pa Nkhata Bay aliyense ankadziwa kuti ada Manda, monga amawatchulira Atonga, maso anafa, ndipo palibe mwini galimoto amene ankafuna kuwerenga pepala la dokotala.

Tsiku lina anapempha kwa a Adamu nyali yakale ya minibasi yowonongeka n'kupita nayo kunyumba. Ankafuna kungomvetsa chinthu chimene chinawachotsa ntchito. Yoyambayo anaiwononga, poti anaikwecha youma ndi sandipepa wokhakhala mpaka inachita mizere. Anakatenga ina. Anaphunzira kuviika sandipepa m'madzi, kuyamba ndi wokhakhala pang'ono n'kumatsikira ku wosalala, dzanja likuyenda mbali imodzi, mpaka madzi achikasu asiye kutuluka. Anaphunziranso kuti ukapanda kupopera vanishi pamwamba, dzuwa limaidyanso nyaliyo mvula isanabwere.

Lero a Manda amakhala pa benchi pambali pa a Adamu, ndi ndowa ya madzi ndi kachikwama ka masandipepa. Dalaivala akabwera kudandaula kuti magetsi ake sakuwala, iwo sathamangira kukwecha. Amayamba apitsa chala. Ikakhala yokhakhala kunja, ndi dzuwa, ndipo imatheka. Akaona timadontho ta madzi m'kati, amadziwa kuti pomatira patseguka, ndiye amaichotsa, kuiumitsa, n'kuimatanso. Ikakhala ndi ming'alu yaing'onoing'ono m'kati mwa pulasitiki, amamuuza mwini wake kuti asataye nthawi, akagule ina. Anyamata a minibasi amene amapaka mafuta a mabuleki kuti nyali ziwale pamaso pa apolisi amawakalipira ngati ana awo.

Chiwongolero sanachigwirenso. Lole ya a Shafi imadutsa pomwepo ikamachokera ku Mzuzu, ndipo Griffin amayang'ana kutsogolo ngati pamsikapo palibe munthu. Akulu ampingo anayesa kuwakhazika pansi onse atatu. A Manda anapita, anamvetsera, anapereka dzanja pamene anauzidwa kuti apereke, koma kunyumba kwa Alice sanapondekonso.

Alice amatumizabe nsomba nthawi zina, batala wonona womanga m'masamba a nthochi. A Olive amalandira, amaphika, adzukulu amadya mpaka kunyambita zala. A Manda tsiku limenelo amapempha chigwada, n'kudyera kondowole wawo panja.