Chipande cha Anti Zatha

Tsiku limene chakudya chinatha paukwati, mzere unali usanafike ndi pakati pomwe. Anthu anali ndi mbale m'manja, akusuzumira kutsogolo kuti aone chimene chikuchedwetsa. Mayi amene anaphika chakudyacho anaima kuseri kwa tebulo, akuyang'ana m'masefuliya asanu okokotedwa mpaka pansi. Munthu amene anali patsogolo pake, mbale ili yeretu, anali mayi ake a mkwati.

"Mwana wanga, kwatsala chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Zatha, amayi."

Anayankha motsitsa, koma mawu oipa sasowa makutu. Pofika madzulo, anthu onse m'holomo anali atam'patsa dzina, Anti Zatha. Inenso ndimutchula choncho, osati pomunyoza, koma chifukwa ndi dzina limene anayenda nalo yekhayekha zaka ziwiri zathunthu.

Chopweteka n'chakuti ukwatiwo unali wa mng'ono wake weniweni, wa bere limodzi. Anti Zatha anadzipereka yekha kuphika. Ankadziwika kuti dzanja lake ndi labwino, ndipo ankalota kuti ukwati umenewu ndiwo umutsegulire njira yophikira maukwati ena.

Ndipo musaganize kuti anaphika chochepa. Mpunga unalipo wokwanira, nkhuku ndi nyama zinalipo zokwanira. Cholakwa chake chinali chimodzi: zipande zogawira chakudya anazipereka kwa achibale.

Inu mukudziwa mmene wachibale amagawira chakudya chimene sanachivutikire. Akaona mnzake wa kutchalitchi, dzanja limalemera. Akaona mlamu wake, nthuli zimagwa zitatu. Pansi pa tebulo panali majumbo ndi timakontena, ati kusungirako ana amene atsala kunyumba. Anti Zatha anaziona zonsezi ndi maso ake, koma anaopa kudzudzula azakhali ake pagulu.

Mawa lake palibe amene anatchula za majumbowo. Amene ananyamula zambiri ndiwo anali oyamba kupukusa mitu. Mng'ono wake anangonena mawu ochepa pafoni: "Achemwali, mwandichititsa manyazi kwa apongozi anga." Kenako foni inaduka, ndipo sinalirenso.

Anti Zatha ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Masefuliya aja anawavundikira pakona, yaikulu n'kuisandutsa tebulo. Popita kumsika ankazungulira njira yaitali kuti asakumane ndi omudziwa. Achibale akakhala ndi zochitika, ankangomva kwa anthu ena zitatha kale. Kunena zoona, anasungulumwa kwambiri, moti masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu aliyense.

Atasowa mtengo wogwira, anapeza ntchito yotsuka mbale m'kantini ya fakitale ina. Sinki inali kuseri kwa khoma. Pakhomapo panali kawindo kakang'ono kolandirira mbale zakuda, choncho tsiku lonse ankangoona manja a anthu, nkhope ayi. Poyamba zimenezi zinkamusangalatsa, poti manja sadziwa dzina la munthu.

Koma munthu wokonda kuphika sakhala ndi maso ogona. Asanakhuthulire zotsala m'bini, anayamba kuziyang'anitsitsa. Anaona kuti mpunga ukaunjikidwa ngati chulu, theka limabwerera. Anaona kuti mbale zazikulu zimabwera ndi zotsala zambiri kuposa zazing'ono, chonsecho onse adya n'kukhuta. Anaona kuti nyama sibwerera, kaya mum'patse munthu nthuli imodzi kaya zinayi.

Tsiku lina wophika wamkulu wa pakantinipo, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anam'peza ataweramira mbale.

"Mukufunamo chiyani m'zotsalazo, mayi?"

"Ndikuona zimene anthu amadya, ndi zimene amangotenga ndi maso."

Bamboyo sanaseke. Lachisanu lotsatira anam'patsa epuloni yoyera ndi chipande, n'kumuimika pogawira chakudya. Anamutsina khutu kamodzi kokha: "Poto mmodzi patebulo, enawo kuseri. Anthu akaona zambiri, mimba imakula. Ndipo nyama muziika pomaliza, mbale itadzaza kale."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ankagawira anthu mazana atatu ndi dzanja lofanana, bwana kaya wosesa. Ena ankamunyengerera, ena ankamunena kuti ndi wouma manja. Iye ankangomwetulira, chipande osasintha. Akaweruka ankabwerera kuchipinda chake, n'kulemba m'kope zimene waphunzira tsikulo. Panalibe womuonetsa kopelo.

Patatha zaka ziwiri, mlonda wa pageti ya fakitaleyo anam'dikirira poweruka, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mwana wanga wamkazi akukwatiwa. Ndimati mutiphikire."

Anti Zatha anam'funsa kuti, "Bambo, kodi simunamve dzina langa?"

"Ndinamva. Koma inenso ndimadya pano Lachisanu, ndipo ndimabwera womaliza. Sindinabwererepo ndi mbale youma."

Anavomera, koma ulendo uno sanafunse kuti makadi asindikiza angati, poti khadi limodzi limabwera ndi anthu anayi. Anakhala pansi ndi banja la mkwatibwi, kenako ndi la mkwati, n'kufunsa mmodzimmodzi: abwera ndi ana ndani, oyandikana nawo nyumba ndi angati, oimba, madalaivala, wojambula zithunzi. Anapita kukaona holo ndi maso ake, mpopi uli pati, mbaula ziima pati, khomo lotulutsira chakudya ndi liti. Ogawa chakudya anatenga amayi awiri a kukantini, osadziwa munthu aliyense paukwatipo. Kwa mlonda uja anapempha chinthu chimodzi, kuti wachibale asagwire chipande.

Tsiku la ukwati anafika mbandakucha. Mpunga sanauphike wonse pakamodzi kuopa kuti ungasase ndi kutentha. Sefuliya ina ikamapsa, ina inali ikungoyamba kuwira. Pofika masana zonse zinali m'malo mwake.

Anthu atatsala pang'ono kuima pamzere, m'khitchini munalowa azakhali a mkwatibwi, atapinda kale manja a bulauzi, amayi ena atatu ali pambuyo.

"Tabwera kudzathandiza kugawa. Zipande zili kuti?"

"Zikomo amayi, ogawa alipo kale."

Azakhaliwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaomba m'manja. "Aaa! Si iwe Anti Zatha iwe? Ndiye achimwene anasowa anthu mpaka kukatola iweyo? Ukufuna utichititse manyazi ifenso?"

Ananena mokweza, moti amene anali pafupi ndi khomo anatembenuka. Wina anaseka. Amayi awiri a kukantini aja anayang'ana pansi. Mlonda anali m'holo ndi alendo ake. Panalibe ndi mmodzi yemwe womuikira Anti Zatha kumbuyo.

"Ndine ndemwe, amayi," anatero. "Tsiku lija ndinaopa kukaniza akuluakulu, anthu n'kubwerera ndi njala. Lero munditukwane mmene mungathere, koma chipande sindipereka. Pitani mukakhale pansi, mbale yanu ndibweretsa ndekha."

Azakhaliwo anatuluka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Anti Zatha anawakonzera mbale yofanana ndi ya wina aliyense, n'kukawapatsa ndi manja awiri, atagwada. Azakhaliwo sanamuthokoze, koma anadya.

Mzere unali wautali kuposa mmene mabanja onse awiri ananenera, monga zimakhalira nthawi zonse. Poto akatha, wina ankatuluka kuseri ali wotentha. Ena anabwereranso kachiwiri atasintha jekete, iye n'kuwauza mwaulemu kuti adikire kaye anzawo. Anaima pamenepo maola awiri, thukuta lili kamukamu, maso ali pamzere. Womaliza anali dalaivala wa basi imene inabweretsa akuchimuna, ndipo analandira mpunga, kabichi ndi nthuli yake ngati munthu woyamba.

Mukuganiza kuti anamuitanira kutsogolo kukamuombera m'manja? Ayi ndithu. Munthu wokhuta safunsa za wophika. Nyimbo zinapitirira, anthu anavina, ndipo iye anabwerera kukhitchini kukakwecha masefuliya yekha.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anali mkwatibwi, nsapato zili m'manja, diresi atalikwinyira m'mwamba kuti lisakhudze madzi apansi.

"Anti, ndimangopempha madzi akumwa. Mutu ukundizungulira."

Anti Zatha anamuyang'ana milomo, n'kudziwa. Chidzukireni mwanayo anali asanalawe kanthu. Mbale imene anamuikira kutebulo la kutsogolo inachotsedwa iye ali kojambulitsa zithunzi. Paukwati aliyense amayang'ana diresi la mkwatibwi, palibe amene amaganiza za mimba yake.

Koma Anti Zatha anali ataganiza. Anatsegula kabati, n'kutulutsa kapoto kamene anakakulunga m'thaulo kuyambira masana, ka anthu awiri okha, mkwati ndi mkwatibwi. Kanali kakadali kofunda.

Mkwatibwi anakhala pa kireti ya zakumwa, n'kudya ngati mwana wochokera kusukulu. Atadya pang'ono anaima, n'kuyang'ana mayi amene anali chiimire pambali pake.

"Nanga inu mwadya, Anti?"

Funso limenelo panalibe amene anam'funsapo kwa nthawi yaitali. Misozi inangolengeza. Mtsikanayo anakoka kireti ina ndi phazi. "Khalani apa. Amuna anga tiwasiyira, koma inu mudye ndi ine."

Anakhala pansi, nadya.

Lero Anti Zatha amaphikira maukwati, osati ambirimbiri, koma okwanira kuti Loweruka lisam'peze ali chikhalire. Amene amam'tumizira anthu ambiri ndi mtsikana ameneyu.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munagwapo anthu akuona, ndipo amene anakukankhani ndiwo anayamba kuseka. Zimawawa, ndipo zimawawa kwambiri mukakhala nokha. Koma musathawe ntchito imene mumaikonda chifukwa cha tsiku limodzi. Fufuzani bwinobwino pamene panalakwika, phunzirani ngakhale pamalo ponyozeka, ndipo ikafika nthawi yokana, kanani, mawu akunjenjemera choncho. Mwina sipadzakhala wokuomberani m'manja. Mtima wokha musautaye, chifukwa kwinakwake kuli munthu wanjala amene akudikira dzanja lanu.