Ng'ombe Zanga Sizinakoke Motoka Yake

Sukulu yathu ya anyamata mu Lusaka kulibenso. Nyumba zake zilipo, koma masiku ano muli koleji, ndipo pabwalo pomwe tinkamenyera mpira amaimikapo mamotoka. Anaimanga azungu kuti muziphunzira ana awo okha. Ufulu utabwera zitseko zinatitsegukira ife akuda, koma ndodo, mataye ndi nkhanza za maprifekiti zinatsala momwemo.

Ndinalowa sukuluyo kuchokera ku Nkomeshya, kumene atate anasamukira kuchoka kum'mawa kudzalima chimanga. Anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndipite. Mkulu wa maprifekiti anali mwana wa bwana wina wa m'boma, wamtali, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Ankanditcha "wa ku ng'ombe."

Ndili Fomu 4, anyamata anakwiya ndi nyemba zofumbwa, naswa mawindo a holo yodyera. Tsikulo ine ndinali chigonere m'chipinda cha odwala, malungo atandipana. Ahedi atafuna mayina, prifekiti uja anabisa anzake a m'tauni n'kupereka langa. Ndinachotsedwa sukulu. Atate anandichingamira pamsewu, nasenza bokosi langa mpaka kunyumba. Anamwalira akukhulupirirabe kuti ndinaswadi mawindo.

Lero ndili ndi imvi, ndimalima pafupi ndi Chalimbana. Dzinja lathali mvula inawononga msewu wodutsa padambo kumunsi kwa munda wanga. Masana ena kunafika bambo wamimba, nsapato zili matope okhaokha.

"Odi, ba mdala! Motoka yanga yatitimira padambo. Baniuza kuti muli na ng'ombe zokoka."

Mawu a m'mphuno aja! Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, iye ayi. Ndinamupatsa mpando n'kuyamba kumufunsa pang'onopang'ono. Anati anapuma pa ntchito, wagula puloti chapafupi. Nditafunsa za sukulu, nkhope inawala. Ndiye anali wapampando wa bungwe la omwe anaphunzira kumeneko, ndipo ankasonkhanitsa nkhani kuti alembe buku la mbiri yake, anthu asaiwale ulemerero wa sukuluyo.

"Na ine ninaphunzira kwamene kuja," ndinatero. "Ndine uja wa ku ng'ombe. Mawindo a holo, mwakumbukira?"

Anayang'ana pansi, kenaka anaseka mokakamiza. "Aa, mwana, zija zinali za umwana. Tiiwale chabe."

"Atate sanaiwale mpaka kumanda."

Ng'ombe zanga zinayi zinali pansi pa mtengo wa mango, zikubzikula, goli lili pambali. Anaziyang'ana, nandiyang'ana ine.

"Zalema," ndinatero. "Na mawa zizakhala zolema."

Wina wokhala ndi ng'ombe zokoka kuderalo ndi mlamu wanga. Mlendoyo asanatuluke pachipata ndinali nditamuimbira kale foni mlamuyo kuti nayenso akane. Ndinaima pachulu kumuonerera bwana uja akupinda thalauzi, akuterereka m'matope ulendo wa kumsewu wa tala kukasaka minibasi. Mvula inagwanso. Motokayo inagona padambo masiku awiri, madzi mpaka m'mipando, kufikira anabweretsa lole kuchokera ku Chongwe.

Mkazi wanga sanakondwe. "Bambo, inu mkulu wa mpingo wathunthu, mwachita zotani? Mudzaima bwanji kutsogolo Lamulungu?"

Ndinaima bwinobwino, ndipo ndinaimba kuposa masiku onse.

Koma mtima sunakhute. Popeza ankafuna nkhani za m'buku, ndinakhala pansi n'kulemba masamba anayi: za nyemba zija, za malungo anga, za amene anaponyadi miyala ndi amene anawabisa. Mwana wanga wamkazi anazitumiza pafoni ku gulu lonse la bungwelo. Madoda awiri anandiimbira. Wina anali mmodzi mwa oponya miyala aja, ndipo anapepesa. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, koma sindinamuuze kuti zatha.

Pamsonkhano wotsatira anasankha wapampando wina. Ngati bukulo lidzatuluke, sindikudziwa. Munthu uja tikakumana pamsika ku Chongwe amatembenukira ku tomato ngati akugula. Mkazi wanga amandipemphererabe kuti ndikhululuke, ndipo sindimuletsa.