Nesi wa Amayi Anga

Amayi anga anagwira ntchito ya unesi ku Glasgow kuyambira ndili ku pulayimale mpaka imvi zitayamba kundimera. Akaweruka sankakhala pansi. Lero ali kumsonkhano wa anthu a m'mafulati athu ku Dennistoun, kulimbana ndi khonsolo pa nkhani ya chinyontho cha m'makoma, mawa aperekeza Mmalawi wongofika kumene kwa dokotala. Kukagwa maliro, foni yoyamba inkalira kwathu. Ine zinkanditopetsa. Ndinkati amayi anga ndi a aliyense, ine ndimangobwerekako.

Kenako anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufa. Fulati yathu ili pamwamba penipeni, ndipo chikepe mulibe. Chiwakwezereni a ambulansi, sanatsikenso. Inenso ndinasiya chipinda changa ku Maryhill n'kubwerera pa bedi langa laubwana, bambo wamkulu miyendo ili lendee.

Vuto linali kusamba. Khonsolo inatumiza mtsikana wosamalira odwala, koma amayi atangomuona anakoka bulangete mpaka m'khosi. Anali atamuphunzitsa okha ntchito ku wodi. "Ameneyu ndinkamukalipira chifukwa cha zikhadabo," anatero. "Lero andivule?" Amayi a kumpingo anabwera ndi nyimbo zawo. Anawalandira bwino, tiyi anamwa, koma atangotchula za madzi anawauza kuti asamba kale. Linali bodza. Sankafuna kuti anthu amene anawatsogolera zaka zonsezo awaone atavala thewera.

Fungo linayamba kumveka m'chipinda. Nesi woyendera odwala m'makomo anandikokera kukhitchini n'kundiuza mosapsatira mawu kuti khungu layamba kufiira kumsana, ndipo pakangotuluka bala, amayi apita kunyumba yosungirako okalamba. Amayi anamva zonse. Mabala otero anatsuka ambiri, mathero ake ankawadziwa.

Ine mchemwali ndilibe. Ndipo ngakhale ndinakulira kuno, ndimadziwa kuti mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake. Ndinakwiyira mwambowo, ndinakwiyira amayi, ngakhale masitepe amene. Ndinkaima pawindo n'kumayang'ana mabasi opita m'tauni, kulakalaka nditakwera iliyonse.

M'mawa wina anandiitana.

"Tenga beseni, matawulo awiri, ndi magolovesi ali m'kabatimo."

"Amayi, inetu..."

"Mwana wanga sangandisambitse. N'zosatheka. Ukavala magolovesiwo ndiwe nesi, ndipo sindikukudziwa."

Ndinavala. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulamula ndi mawu ouma a ku wodi. Madzi ndiyese ndi chigongono. Ndiyambe nkhope. Ndivundukule malo amodzi okha, nditsuke, ndipukute, ndifunditse, kenako pena. Madzi anatayikira pa matiresi.

"A nesi, ntchito munaphunzira kuti?" anafunsa, osaseka.

Nditafika pamsana ndinaona pofiira paja, pa msana womwewo umene unandibereka. Ndinalira chamumtima, koma mphuno inandiulula. Iwo anakhala ngati sanamve.

Nditawaveka anati, "Zikomo a nesi. Tulukani, mutseke chitseko. Mwana wanga abwera posachedwa."

Ndinataya madzi, ndinavula magolovesi, n'kukaima panja pamasitepe ozizira. Mayi wa fulati yoyandikana nafe anadutsa ndi galu wake, n'kuyang'ana masokosi anga. Ndinagogoda pakhomo pathu pomwe, ndinatsegula ndi kiyi wanga.

"Wachedwatu lero," anatero amayi. "Wadya?"

Timachita zimenezi m'mawa uliwonse mpaka pano. Bala silinatuluke, ndipo kwa okalamba sanapite. Nesi amabwera, amapita, mwana n'kulowa ndi tiyi. Nthawi zina timamujeda nesiyo kuti ali ndi manja ozizira.

Sabata yatha nesi wa magolovesi uja, akupukuta m'khwapa mwawo, anakhudza kachotupa kolimba. Manja ake anaima. Amayi anamugwira ndi dzanja lawo lamoyo lija, nkhope ili kukhoma.

"Ndikukadziwa," anatero. "Mwana wanga musamuuze."

Ndinatuluka, ndinagogoda, ndipo anandifunsa ngati ndadya.